Kathirakitala ka Che Twaibu

Habiba anali wosoka zovala pa msika wa Mandimba, pakhonde la sitolo ina ya nsalu, ndipo ambiri ankamuitana kuti Abiti Twaibu. Anali atasoka zaka zoposa makumi awiri. M'zaka zimenezo anadziphunzitsanso yekha ntchito ina: makina a anzake akayamba kudumpha ulusi kapena kuthyola singano, ankabwera nawo kwa iye. Iye ankawatsegula kunsi, n'kuwapukuta, n'kuwatchera mpaka singano ndi ulusi wam'munsi zikumanenso pa nthawi yake.

Bambo ake, Che Twaibu, ankakhala ku Mitande pamodzi ndi Hamisi, mlongo wake wa Habiba. Anali atakalamba, ndipo ng'ala inali itawaphimba maso onse awiri, moti munthu ankamudziwira mawu. Kuseri kwa nyumba yawo, pansi pa malata awiri a dzimbiri, kunali kathirakitala ka mateyala awiri, ka mtundu uja woti munthu amayenda pambuyo atagwira zigwiriro. Che Twaibu ndi amene ankakayendetsa ali mnyamata, pa nthawi imene alimi a ndiwo zamasamba ankalima dimba limodzi lalikulu mogwirizana. Nkhondo itafika, anakakankhira m'dzenje, nakakwirira ndi udzu ndi dothi, n'kuthawira ku Malawi ndi banja lonse. Atabwerako anakafukula, koma sikanalirenso. Kuyambira pamenepo kanangokhala pansi pa malata aja, nkhuku n'kumaikirapo mazira.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni, anthu atamaliza kukolola, Habiba anapita ku Mitande kukapereka mkanjo umene anasokera bambo ake. Anapeza malata aja atachotsedwa. Amuna awiri ogula zitsulo zakutha anali atapachika sikelo yawo pa nthambi ya mango, ndipo Hamisi ankawathandiza kukoka kathirakitala kaja. Che Twaibu anali pamphasa, atafulatira, zala zawo zikungotolatola m'mphepete mwa mphasayo.

"Achimwene, ababa avomera zimenezi?" anafunsa Habiba.

Hamisi anayankha kuti sanakane. Anatinso chitsulocho chatha ntchito, njoka zikubisalamo, ndipo Nelito, makanika wa njinga zamoto wa ku Mandimba, anabwera kudzachiona chaka chatha n'kunena kuti chinafa kalekale. Habiba anayang'ana msana wa bambo ake, nawauza ogula aja mwaulemu kuti apite kaye.

"Ndiye mukadzutsa ndinu, achemwali? Amenewa si makina osokera."

"Nditsegule ndione. Kakandikanika, mudzawaitane."

Ananena izi ngakhale m'kati mwa injini anali asanaonemo chibadwire. Anabwerera ku Mandimba, nakasiya khonde lake m'manja mwa Shakila, mnzake wosoka naye. Kwa Nelito anakabwereka masipanala. Nelito anamupatsa akuseka, namuuza kuti akamaliza kusewera awabweze onse. Patapita masiku awiri Habiba anali ku Mitande, atavala malaya akale a Hamisi pamwamba pa kapulana, chitenje chake cha m'chiuno.

Anagwira ntchitoyo monga momwe amaphwasulira diresi lofuna kulisoka mwatsopano. Anayala kapulana yakale pansi pa mango, ndipo chitsulo chilichonse chimene wamasula ankachiika pamenepo mwandondomeko, kuyambira kumanzere. Pa thabwa ankajambula ndi choko chosokera malo amene chitsulocho chachokera. Mabawuti ankawamanga m'timapukusi ta zidutswa za nsalu, a malo amodzi nsalu ya mtundu umodzi. Mosefera mpweya anapezamo nyumba za mavu zouma. M'chivundikiro cha gudumu lolemera, lija amakulungapo chingwe poliza, makoswe anali atatutiramo zitsononkho ndi thonje. Oliyo wakale anatuluka ngati phala lakuda.

Che Twaibu anayamba ndi kukhala patali. Tsiku lachiwiri anasendeza mphasa. Pofika lachitatu ankatambasula dzanja, Habiba n'kuikamo chitsulo, iwo n'kuchisisita ndi zala, n'kutchula dzina lake ndi ntchito yake. Ichi ndi vela, imene imathetheka moto wotentha gazolina, petulo uja. Awa ndi mavalavu, zitseko ziwiri, china cholowetsa mafuta, china chotulutsa utsi. Habiba ankabwereza mayinawo chamumtima. Chibadwire chake, bambo ake anali asanalankhulepo naye nthawi yaitali chotero.

Vuto linali pisitoni, chitsulo chimene chimakwera ndi kutsika m'kati mwa injini. Inali itamatirira m'silinda mwake ndi dzimbiri, osasuntha ngakhale pang'ono. Hamisi anafuna kuimenya ndi hamala, koma Habiba anakana. Anathiramo parafini, navundikira ndi mbale, ndipo m'mawa uliwonse ankaikapo kamtengo kosalala n'kugogoda mofatsa kangapo, basi. Anthu odutsa pamsewu anayamba kumufunsa ngati akufulula mowa m'chitsulomo. Pa tsiku la khumi ndi chiwiri, pisitoni inatsika pang'ono ngati m'lifupi mwa chikhadabo. Habiba anagwira dzanja la bambo ake nalilowetsa m'silindamo kuti amve okha mpata umene wapezeka. Iwo anagwedeza mutu.

Itatuluka yonse, zinaoneka kuti timikombero take tinali titathyoka, ndipo khoma la silinda linali lokumbikakumbika. Che Twaibu anati zimenezo n'zosatheka kukonzera pamudzi. Ku Cuamba kunali mmisiri wina dzina lake Raimundo, amene kale ankagwira ntchito yokonza zitsulo za sitima, ndipo tsopano anali ndi ofisina yakeyake yokhala ndi makina osemera zitsulo. Habiba anakulunga silinda, pisitoni ndi mavalavu m'thumba la mpunga, nakwera chapa, minibasi ya kumeneko. Kondakitala anafuna kuponya thumbalo padenga, koma iye analifungatira pamiyendo ulendo wonse, ntchafu zikuchita dzanzi.

Raimundo anali wamfupi, wa imvi, magalasi ake omangidwa ndi waya. Anatsegula thumba, nasuzumira m'silinda, nafunsa m'Chipwitikizi kuti makanika amene wamutuma ali kuti. Habiba anati palibe wamutuma. Mkuluyo anabwereza funsolo m'Chinyanja chake chopotoka, poganiza kuti mayiyu sanamve. Pamenepo Habiba anatulutsa pepala la simenti limene anajambulapo injini yonse, chitsulo chilichonse pamalo pake, miyeso atailemba ndi tepi yake yosokera. Raimundo analiyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pa mizere. Kenako anapukuta mpando ndi chisanza.

"Khalani apa, mayi. Musapite kumsika kukadikira. Muone zimene ndikuchita."

Anakhala ku Cuamba masiku atatu, akugona kwa msuweni wake. Raimundo anasema m'kati mwa silinda mpaka munasalala ngati m'botolo. Pisitoni yokulirapo pang'ono anaipeza m'mulu wa zitsulo za pampu yamadzi, naiyeza kasanu asanakhutire. Mavalavu okha mkuluyo anakana kuwagwira. Anamupatsa Habiba kamtengo ndi phala lamchenga wosalala, namuonetsa kapotedwe kake, uku ndi uku pakati pa zikhatho, mpaka valavu ikhale pampando pake osasiya mpata. Habiba anapota masana onse. Madzulo mkuluyo anathira gazolina pamwamba pa mavalavu otseka, nasuzumira kunsi. Sipanadonthe kanthu. Anaitana mnzake wa ofisina yoyandikana nayo kuti adzaone, namuuza m'Chimakuwa mawu amene Habiba sanawamve onse, koma anamva mawu akuti Mandimba ndi akuti makina osokera.

Asananyamuke, Raimundo anamuuza zinthu ziwiri. Junta yamkuwa ya pamutu pa silinda, imene imatseka mpata pakati pa zitsulo, asaitaye: aiwotche pa mbaula mpaka ifiire, aiviike m'madzi, idzafewa ngati yatsopano. Ndiponso anati ayese bobina, imene imatumiza moto ku vela, chifukwa ngati inanyowa m'dzenje muja, moto sudzapezeka. Habiba anaseka, nati bobina ndiye amazidziwa, amazikulunga tsiku ndi tsiku. Mkuluyo anasekanso, nati iyi ndi ya waya, osati ya ulusi.

Ananena zoona. Atabwerera ku Mitande, Habiba anapukusa gudumu, vela ili panja, koma sipanathetheke kanthu. Che Twaibu anakumbukira kuti timathirakitala timeneti tinabwera tiwiri, ndipo kanzake kanapita ku Ngauma ndi Haruna, mnzawo wa masiku amenewo. Habiba ankaganiza zopita yekha, koma m'mawa mwake anapeza Hamisi akupopa teyala la njinga yamoto. Sananene kuti wasintha maganizo. Anangofunsa kuti chinthucho chimaoneka bwanji, natenga chakufacho m'thumba. Anabwerako dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'nsidze. Anati Che Haruna ali moyo ndithu, kathirakitala kawo anakasandutsa ngolo, koma zitsulo za injini anazisunga m'chitini. Bobina anapereka, ndipo anatumiza moni pamodzi ndi mawu akuti Twaibu sanalimepo mzere wowongoka. Che Twaibu anaseka mpaka kutsokomola.

Kumanga kunatenga masiku anayi. Majunta ena onse Habiba anawadula yekha ndi sizasi yake pa pepala lolimba limene anagula ku Cuamba, atadinda kaye chitsulo chopaka oliyo kuti mabowo aoneke. Anatuluka oyera m'mphepete ngati kolala ya shati, ndipo iye anawanyadira kuposa china chilichonse.

Atafika pa magiya awiri amene amagwirizanitsa pisitoni ndi mavalavu, anaima. Giya yaing'ono inali ndi kadontho pa dzino limodzi. Yaikulu inali ndi zizindikiro ziwiri: kadontho, ndi kamzere kokhala ngati kokanda ndi tchizulo, mano awiri kuchokera pa kadonthoko. Pomasula paja malowa anali okutidwa ndi oliyo wouma, choncho sanazione. Anafunsa bambo ake. Iwo anapapasa, nati kamzereko, kamzereko akukakumbukira bwino, anakalemba ndi dzanja lawo. Habiba anamanga monga ananenera, napukusa gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono, akuyang'ana mavalavu. Chinachake sichinamukhalire bwino. Valavu ina inkatseguka pisitoni isanafike pamene iye ankayembekezera, monga zimachitira singano ikafulumira kusiya ulusi wam'munsi m'mbuyo. Anafuna kunena, koma bambo ake anali atakhala tsonga pamphasa, nkhope ikuwala, ndipo injiniyo anali ataiyendetsa zaka zambiri pamene iye anali ataidziwa milungu isanu yokha. Anatseka chivundikiro.

Anasankha Lachisanu masana, anthu atabwera ku mzikiti. Habiba sanaitane munthu, koma Hamisi anali atalengeza ponseponse, ndipo pabwalo panadzaza. Anathira oliyo ndi gazolina. Hamisi anakulunga chingwe nakoka. Injini inatsokomola. Anakokanso, ndipo kachitatu inaphulika chammbuyo, lawi linatuluka mosefera mpweya, chingwe chinamutsomphoka m'manja n'kumukwapula pamkono. Ana anabalalika. Hamisi anakhala pansi atagwira dzanja, likutupa. Mayi wina anati zitsulo zakufa sizifuna kuvutitsidwa, ndipo mwamuna wina anafunsa mokweza ngati ogula zitsulo aja akadali m'deralo. Pang'onopang'ono anthu anabalalika.

Habiba anamanga dzanja la mlongo wake ndi nsalu yonyowa. Chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti vutolo analiona ndi maso ake. M'mawa mwake anakhetsa oliyo mu beseni, natsegulanso chivundikiro. Kenako anakagwada pafupi ndi mphasa.

"Ababa, ndikupempha ndiyese pa kadontho. Mavalavu akutsogola. Ndinaona tsiku lija, koma ndinaopa kukutsutsani."

Che Twaibu anapempha giyayo, naisisitanso. Anati akumbukira tsopano. Chaka china iwo ndi Haruna anamasula mainjini onse awiri tsiku limodzi pa lona imodzi, ndipo anakanda kamzereko kuti zitsulo zawo zisasokonezeke ndi za mnzawo. Sikanali ka nthawi ya mavalavu ayi.

"Ukaona chinthu ndi maso ako uzinena, mwanangu. Ine maso ndilibe. Manga mmene ukuonera."

Anagwirizanitsa kadontho ndi kadontho. Atapukusa gudumu, mavalavu anatseguka ndi kutseka motsatana bwino ndi pisitoni, ndipo pofika pamwamba gudumulo linalimba m'manja mwake ngati likukana. Nthawiyi pabwalo panalibe wina koma atatuwo ndi mbuzi. Dzanja la Hamisi linali lomanga, choncho chingwe anakulunga Habiba mwini. Anaponda chitsulo ndi phazi limodzi, nakoka ndi thupi lonse. Koyamba inangopuma. Kachiwiri inagunda kawiri n'kuleka. Kachitatu inagwira, inagwedezeka yonse, utsi wakuda bii unatuluka, nkhuku zinathawira kunkhokwe, ndipo phokosolo linapitirira, du du du, osaleka.

Habiba anaima chingwe chili m'manja, osadziwa choti achite nacho. Hamisi ankalankhula koma mawu ake sankamveka. Che Twaibu anadzuka opanda ndodo, nayenda molunjika kumene kunkachokera phokosolo, naika chikhatho pa thanki. Anapendeketsa mutu, namvetsera. Kenako anakuwa m'khutu mwa mwana wawo kuti ikumwa mafuta ambiri, apotoze kasikuluwu ka pa kabuleta, posakanizira mafuta ndi mpweya, kulowa m'kati, pang'ono pokha. Habiba anapotoza. Iwo anakweza chala, iye anapotozanso, ndipo anatsitsa dzanja. Utsi unayera, kulira kunakhazikika. Pa zimenezi khutu lawo silinalakwitse.

Anthu anabwera okha, akuthamanga, ena ndi makasu m'manja. Mwamuna amene anafunsa za ogula zitsulo uja anazungulira kathirakitalako kawiri, nati iye ankadziwa kuti kalira. Habiba anali kalikiliki kuyang'ana pansi pa injini ngati pali podontha oliyo, ndipo majunta ake onse anali ouma.

Sabata yotsatira anaikamo machubu atsopano m'mateyala, nanola khasu lake, n'kukatsitsira kudimba la m'mphepete mwa mtsinje, kumene dothi lakuda limauma gwa m'chilimwe. Che Twaibu anawanyamulira pa njinga, nawakhazika pamthunzi wa nthochi. Iwo anamufotokozera Habiba mmene angalowetsere giya ndi kusiya kalachi. Atangosiya, kathirakitalako kanadumpha n'kumukoka ngati ng'ombe yolusa, iye n'kumathamanga pambuyo, kapulana ili m'mwamba. Mzere woyamba unakhota mpaka kukalowa m'mapesi a mnansi. Wachiwiri unali bwinoko. Pofika wachisanu anali atazindikira kuti safunika kulimbana nako, koma kungokatsogolera ndi kulemera kwa thupi. Dothi linkatembenuka lonyowa kunsi, fungo lake likusakanikirana ndi la gazolina. Dzuwa lisanafike pamutu anali atalima malo amene Hamisi ndi mkazi wake ankathera sabata yathunthu. Anazimitsa injini, nakakhala pafupi ndi bambo ake. Iwo anapempha chibuma cha dothilo, nachifikisa m'manja, nati apa pakufunika kabichi ndi anyezi.

Dzanja litapola, Hamisi anaphunzira kukayendetsa, ndipo Habiba anamulembera pa khoma la nkhokwe masiku osinthira oliyo. Anamuuzanso kuti kakadzayamba kulira mwachilendo asadzaitane munthu wina, adzamuimbire iye.

Anabwerera ku Mandimba Lolemba m'mawa. Shakila anamulandira ndi nkhani ya ukwati wa mwana wa mwini sitolo, umene unali utatsala masiku khumi, ndipo nsalu yoyera ya mkwatibwi inali kale patebulo. Habiba anatambasula dzanja kuti aione, koma Shakila anaikoka msanga. Mizere ya m'zikhatho mwake inali yakuda, m'zikhadabo munali oliyo, ndipo pachala chachikulu panali bala louma. Anasamba ndi sopo, anatsuka ndi phulusa, anapaka ndimu, koma kudako sikunachoke. Shakila analamula kuti kwa masiku atatu azisoka mayunifolomu abuluu a ana asukulu okha.

Habiba anakhala pa makina ake, napalasa. Makasitomala akafunsa kuti manjawo atani, sankawabisa m'kapulana. Ankaimitsa makina, n'kutembenuza zikhatho zonse ziwiri kuti aone bwino, n'kuyamba kufotokoza kuchokera pa pisitoni. Lachinayi Shakila anamuyang'ananso zala chimodzichimodzi pa dzuwa, nam'patsa sizasi ndi nsalu ya mkwatibwi.